Nkhosa Makumi Anayi za Toktosun

Khola la Toktosun lidali m'tsinde mwa phiri, mtsinje ndi mudzi zidali kutsidya, ndipo pakati padadutsa msewu wakale wopita ku malire a China. Msewu lidali dzina chabe. Adali maenje ogwirana manja, moti lole ikatulukira pa kona ya thanthwe, munthu unkamwa tiyi, kutsuka kapu, iyo isanafike pakhomo. Nkhosa zinkagona pakati pa msewupo ngati pa mphasa ya amayi awo, ndipo madalaivala ankatsika okha kudzazikankha.

Toktosun adali mbusa wa mudzi wonse wa Tash-Bulak. Chipale chikasungunuka, khomo lililonse linkamupatsa nkhosa zake, iye n'kukwera nazo ku msipu wa kumapiri, n'kudzatsika nazo zitanona chisanu chikayandikira. Zakezake zidalipo makumi asanu ndi atatu. Pamodzi ndi za eni ake zinkapitirira mazana asanu, koma chiwerengero chimenechi simukadachimva pakamwa pake. Kwathu kuno chiweto sachiwerenga mokweza. Ukafunsidwa umangoti, "Zilipo zimene Mulungu wapereka," chifukwa diso la munthu ndi loopsa kuposa mmbulu. Koma Toktosun adali ndi chifukwa chinanso chimene sankachitchula ngakhale kwa kavalo wake. Komiti ya msipu, imene imakhala ku boma, imalipiritsa pa mutu wa chiweto. Eni nkhosa ankamupatsira ndalama zonse kuti akapereke, koma zambiri zinkasochera m'thumba la chikhoti chake, ndipo m'buku la komitiyo iye adali kambusa kosauka.

Tsiku lina akusoka chishalo pakhomo, padaima galimoto yoyera. Mudatuluka mtsikana wa ku Bishkek, likulu la dziko lino, dzina lake Nurjamal, buku lili kukhwapa. Kumbuyo kwake kudatuluka Mambetaly, mkulu wa komiti ya msipu, amene ankamuperekeza m'midzi. Anthuni, mlendo wabwino akabwera ndi mperekezi woipa, samalani lilime. Burulkan, mkazi wa Toktosun, adayala nsalu pansi, n'kuika buledi, zonona za mkaka ndi tiyi.

Nurjamal adafotokoza kuti banki ya chitukuko yabwereketsa boma ndalama zomangira msewu watsopano wolumikiza mayiko, ndipo iye adatumidwa kudzamva za anthu okhala m'mphepete mwake.

"Msewuwu udzakhala pamwamba, bambo, ndipo m'mbali mwake mudzakhala zitsulo," adatero mtsikanayo. "Pamene pamawoloka ziweto zambiri tidzamanga mpita wodutsa pansi. Ndiye ndiuzeni, pano pamawoloka nkhosa zingati?"

"Zimene Mulungu wapereka, mwana wanga."

"Mulungu ndamumva, bambo, koma pepalali likufuna nambala."

Toktosun adayang'ana Mambetaly. Mambetaly ankapemerera tiyi wake, maso pansi, makutu ali njo.

"Makumi anayi," adatero Toktosun.

Nurjamal adasuzumira pa zenera. Panja padali mulu wa ndowe zouma zosonkhera moto, wotalika kuposa denga la khola.

"Bambo, nkhosa makumi anayi zokha n'kupanga phiri limenelo?"

"Zimadya bwino, mwana wanga. Zikatsegula m'mimba timathawa m'nyumba."

Mambetaly adaseka mpaka tiyi kumutuluka m'mphuno. Mtsikanayo sadaseke. Adati pa nkhosa makumi anayi mpita sangamange, angosiya kampata pa zitsulo kuti munthu ndi kavalo azidutsa. Adatinso ngati angakumbukire nkhosa zina zimene waiwala, alembe kalata yokhala ndi chidindo cha komiti ya msipu, akaponye m'bokosi la madandaulo ku kampu ya omanga msewu. Bokosilo likhala lotsegula mpaka dothi la msewu litathiridwa pakhomo pake. Atatero adalemba makumi anayi aja m'buku mwake. Ine pepala ndimaliopa. Mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo, koma cholembedwa chimagona chete ngati njoka m'udzu, chaka ndi chaka, kudikira mwendo wa mwini wake.

Galimoto isanazimirire n'komwe, Burulkan adayamba.

"Bambo a Aidai, mwachitanji?"

"Ndapulumutsa thumba langa. Umafuna ndiwerenge nkhosa pamaso pa khwangwala uja?"

"Nanga zidzawoloka bwanji?"

"Ndi miyendo, monga zinkawolokera nthawi ya agogo anga. Iwe, misewu ingati imene adatilonjeza? Ndili mwana ankayeza, ndikukwatira ankayeza, ndevu zachita imvi akuyezabe. Dziko lino likadakhala lomangidwa ndi zingwe zoyezera, bwenzi tili ku Moscow."

Chaka choyamba kudali zii, ndipo Toktosun ankayenda chifuwa patsogolo. Chaka chachiwiri kudabwera anthu a zipewa zolimba n'kukhoma zikhomo za nsalu zofiira kuyambira ku thanthwe mpaka kumunsi kwa chigwa. Chikhomo chimodzi chidaima pafupi ndi pamene Burulkan ankayanika zovala. M'mawa uliwonse mayiyo ankachiyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Chikhomo ndi mtengo chabe," ankatero Toktosun. "Ukachifuna kasonkhere moto."

Kumunsi kwa chigwa kunkakhala mbusa wina, Satkyn, munthu wachibwibwi amene anthu ankamuyesa wopepera. Iyeyo atafunsidwa adatchula nkhosa zake zonse, mpaka ana obadwa dzulo, ndipo komiti idamulipiritsa zaka ziwiri za m'mbuyo. Toktosun adamuseka pa msika anthu akumva.

"Satkyn, akuti udawerengera boma ngakhale nsabwe za m'chipewa chako! Akupatsa mendulo liti?"

"A-a-akumanga mpita kwathu, achimwene," adayankha Satkyn.

"Dzenje! Wagula dzenje ndi ndalama zako. Anzako dzenje amakumbiridwa ulere akafa."

Msika wonse udafa ndi phwete.

Kenako makina adafika. Ankamveka asanaoneke, kugunda ngati mvula ya kutali, ndipo sabata iliyonse fumbi lawo linkasendera. Kapitawo wa omanga msewu, mkulu wina wa ku Osh wotchedwa Ergesh, ankabwera kudzagula mkaka wa kavalo kwa Burulkan. Tsiku lina adapeza nkhosa zikutuluka m'khola, mtsinje wa ubweya wosaoneka mathero. Adaika mbale yake pansi.

"Achimwene, pa mapu athu pano padalembedwa nkhosa makumi anayi."

"Zinazo ndi alendo, zabwera kudzacheza."

"Musachite nthabwala. Masabata atatu akubwerawa tithira dothi pano. Likathiridwa, ngakhale nduna singalikumbenso. Tengani chidindo, lembani kalata, ine ndikaipereka ndi manja anga kwa mainjiniya. Mapaipi aakulu omangira mpita alipo ku kampu, angogona."

Mawu amenewa adamulowa Toktosun, tisamunamizire. M'mawa mwake adamanga chishalo n'kupita ku boma. Adafika mpaka pa chipata cha ofesi ya komiti, ndipo pa zenera adaona mutu wa Mambetaly uli pa buku. Pamenepo mtima udayamba kumuwerengera: kuti alowe, anene kuti ndi mazana asanu, Mambetaly afunsa za zaka zonse zija. Mawa lake mudzi wonse udziwa kumene ndalama zawo zinkapita. Satkyn wachibwibwi amuseka pa msika. Kavalo adaima, mwini wake adaima. Kenako adakhotetsa chingwe, n'kukagula thumba la mchere wa ziweto, n'kubwerera.

"Chidindo chili kuti?" adafunsa Burulkan.

"Ofesi inali yotseka."

"Lachiwiri?"

"Mkazi iwe, dalaivala ali ndi maso, lole ili ndi mabuleki. Ndani angagunde nkhosa masana dzuwa likuswa mtengo?"

"Ine ndikupita ndekha."

"Ukapita, upitirire kwa amako."

Burulkan sadapite. Masabata atatu aja Toktosun adawathera pa mwala wa pakhomo, akusuta, akuonerera malole akukhuthula dothi, mtunda ukukwera pakati pa iye ndi mtsinje. Ankaona zonse. Palibe tsiku limene sadaone. Bokosi la madandaulo adalichotsa, dothi lidatsenderedwa, ndipo iye adakwera ndi nkhosa kumapiri, kudzera njira ya kuseri kwa khola, akudziuza kuti za kutsika adzaziona potsika.

Pamene ankatsika, msewu udali utatsegulidwa. Akuluakulu adali atadula kale riboni, kuwomba m'manja, kudya nyama ndi kubwerera kwawo. Msewuwo udali wakuda, wosalala ngati lilime la ng'ombe, zitsulo zikunyezimira mbali zonse. Malole sankakwawanso. Ankadutsa ngati mphepo ya mkuntho, mpaka mbale kugwedezeka m'nyumba. Eni nkhosa ankadikira kutsidya, chifukwa tsiku limenelo ndi limene aliyense amalandira zake, kuzigwira m'chiuno ndi kuona mafuta a kumchira.

Burulkan adagwira chingwe cha kavalo wa mwamuna wake.

"Bambo a Aidai, ndapota nanu. Tiyeni tikadutsire kwa Satkyn. Ndi ulendo wa maola awiri okha."

"Ndikagogode kwa wachibwibwi, chipewa m'manja, kupempha dzenje lake? Mudzi wonse ukuonerera? Siya chingwecho."

Adadikira mpaka msewu udati zii, n'kulowetsa mbuzi yotsogolera pa kampata kaja. Nkhosa mukuzidziwa: mbuzi ikalowa m'moto, nazonso zimalowa. Koma kampatako kadali ka munthu ndi kavalo. Zinkalowa ziwiriziwiri, ndipo kampata ka kutsidya sizinkakaona msanga, choncho zidayamba kudzazana pa phula, kutsatira zitsulo uku ndi uko, kulira. Zoyamba zidali zitatsika, zambiri zikadali kumbuyo, pamene pa kona ya thanthwe padatulukira lole yaitali yodzaza katundu.

Dalaivala adali ndi maso, inde. Adaliza hutala, adaponda mabuleki mpaka utsi kufuka. Koma katundu wolemera chotero samva mabuleki pa mtunda waufupi, ndipo hutalayo ndi imene idaunjika nkhosa pamodzi. Kale zikadabalalikira kuthengo. Tsopano kumanja chitsulo, kumanzere chitsulo.

Za phokoso lake sindinena. Chimene anthu a ku Tash-Bulak sadzaiwala ndi Toktosun akuthamanga pa phula ndi mpeni, akugwada pa nkhosa iliyonse imene inkaphuphabe, kutchula dzina la Mulungu ndi kuizinga msangamsanga kuti nyama yake idyeke. Ankaterereka m'magazi, kudzuka, kugwiranso ina. "Thandizeni! Bweretsani mipeni!" Amuna adalumpha zitsulo kudzamuthandiza, koma adapulumutsa khumi ndi ziwiri zokha. Zina zonse zidafa zokha, nyama yoletsedwa, yosayenera ngakhale kupatsa mlendo wodana naye. Adazikokera m'khwawa ndi akavalo. Tsiku limenelo nkhosa zidawerengedwa mokweza, pamaso pa aliyense: makumi asanu ndi awiri kudza zitatu.

Wapolisi adati wolakwa ndi mbusa, chifukwa pamenepo sipowolokera ziweto, ndipo nyale ndi chitsulo cha kutsogolo kwa lole alipire ndi iyeyo. Toktosun adapita ku ofesi ya msewu kukadandaula kuti adamumana mpita. Kalaliki adatulutsa pepala, n'kuliwerenga mosafulumira.

"Apa mudanena nokha kuti makumi anayi. Ndiye pa nkhosa makumi anayi pafa makumi asanu ndi awiri kudza zitatu? Bambo, zinazo zidafa kawiri?"

Madzulo a tsiku lomwelo eni nkhosa adasonkhana pakhomo pake. Mwambo wathu ndi wakuti mmbulu ukagwira nkhosa, mbusa amaonetsa chikopa ndi khutu lachizindikiro, nkhani n'kutha, pakuti mmbulu ndi wa Mulungu. Toktosun adabwera ndi thumba la makutu n'kulikhuthula pansi. Gogo Kalicha, mayi wamasiye amene adataya nkhosa zisanu mwa zisanu ndi ziwiri, adawasuntha ndi ndodo yake.

"Mmbulu wake uli kuti, Toktosun? Mmbulu wa matayala? Mmbulu umabwera mobisala. Uwu udakutumizira mtsikana ndi buku, udakukhomera nsalu yofiira pakhomo, udakumwera mkaka m'nyumba. Ine makutu sindidya. Ndipatse nkhosa zanga."

Mambetaly naye adali pomwepo, buku lake lili m'manja, ndipo adangowerenga mokweza nambala imene idalembedwamo. Anthu adamva okha kuti ndalama zawo za msipu zinkathera kuti. Adalowa m'khola, aliyense n'kusankha mwa nkhosa za Toktosun yonona kuposa imene adataya. Zotsala zidapita ku lole ndi ku komiti, pamodzi ndi kavalo. Burulkan adaima pakhomo manja ali m'chikhoti. Adaonerera nkhosa yomaliza ikutuluka m'khola, n'kulowa m'nyumba.

Chipale chitasungunukanso, mudzi udapereka nkhosa zake kwa Satkyn. Toktosun adakwera basi pa msewu womwewo kupita ku Russia kukanyamula matumba a simenti, munthu wa imvi, wosadziwa ntchito ina koma kuweta. Akuti basiyo idayenda bwino kwambiri, yosagwedeza n'pang'ono pomwe, ndipo adafika ku Bishkek dzuwa lisanapendeke. Burulkan adatsala yekha m'nyumba yogwedezeka ndi malole, ndipo madzi amakatunga kutsidya, ndowa m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati mbava.

Msewu ulipo, ndi wabwino, ndipo ngongole yake adzabweza ndi zidzukulu zathu, kuphatikizapo za Toktosun. Koma inu amene mukuona fumbi likusendera kwanu, inu amene mwakhomeredwa chikhomo pakhomo n'kumati ndi mtengo chabe, dzukani pa mwalapo. Tsoka la munthu uyu silidagwe kuchokera kumwamba. Lidayenda zaka zitatu, masana, likugunda ng'oma, iye ali maso. Akulu adanena: muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.