Zida Zimene Zinagona Pansi pa Simenti

Abale anga, amene anachotsa ntchito mkulu Mbalule anali Wedisoni Mtambalika, mwana wa mlongo wawo weniweni, ndipo anachita zimenezi mvula yoyamba itangonunkhira. Mkuluyu anakalambira pa lole ya banja lawo, kukweza katundu, kutsitsa katundu, kukumba matope matayala akatitimira. Bambo ake a Wedisoni atamwalira, chiwongolero chinagwera m'manja mwa mwanayo.

Wedisoni anali atamva kuti dalaivala wa misewu ya kumudzi amayenda ndi zida zodzipulumutsira. Eee, mukanamuona! Anazungulira tauni yonse thukuta lili kamukamu. Anagula tcheni chokhuthala ngati mkono wa mwana. Anagula jeke ndi fosholo. Anapita kwa kalipentala kukadulitsa matabwa a mlombwa oyala pansi pa matayala. Chikwanje anachinola mpaka chinkameta ubweya wa pamkono. Atafika kwawo anayala zonse pabwalo, nayitana anthu kuti adzaone.

"Malume, onani! Izi sizidwala msana, sizipempha tiyi. Inu kapumeni."

"Ndipume ndidye chiyani, mphwanga?"

"Kadyeni ukalamba wanuwo," anatero Wedisoni, anthu naseka.

Mkulu uja anatola chipewa chake napita, ndipo palibe anamuperekeza.

Tsopano kunabwera ulendo wonyamula simenti kupita kutsidya la mtsinje, kumene ankamanga sukulu. Wedisoni anayang'ana zida zake, mtima unamuwawa. Mumtima anati: ndikaika pamwamba, mvula izichititsa dzimbiri. Ndikaika pambali, akuba azisolola. Choncho anazikulunga bwino m'masaka, naziyala pansi penipeni pa lole, kenaka nauza anthu a pasitolo kuti asanje matumba a simenti pamwamba pake, mpaka mulu unafika m'khosi. Anamanga lona. Ananyamuka yekha, akuimba mluzu, akuliza hutala kwa aliyense, ngakhale kwa mbuzi.

Pamtsinjepo panalibe mlatho, galimoto zinkangodutsa pamchenga. Madzi anali olekeza m'akakolo. Koma kumapiri kunali bii, mvula ikukhuthuka. Wedisoni analowa. Pakati penipeni matayala a kumbuyo anazungulira pamodzimodzi, lole nikhala pansi ngati ng'ombe yotopa.

Kodi anachita mantha? Ayi ndithu! Anadumpha akuseka, chifukwa tsiku loonetsa zida zake linali litakwana. Anamasula lona. Apo m'pamene anakumbukira kumene zidazo zinali.

Anayamba kutsitsa matumba. Thumba loyamba, lachiwiri, msana unayamba kulira. Madzi anafika m'mawondo. Munthu wina wa thirakitala anaima kutsidya nakuwa kuti, "Achimwene, ponyani tcheni ndikukokeni!"

"Chilipo! Chatsopano! Dikirani pang'ono!"

"Nanga chili kuti? Madziwo sakudikira!"

Wedisoni anakanda matumba ndi zikhadabo, akung'amba, akutukwana, fumbi la simenti lili mbuu kumaso. Anafika poona nsonga ya saka limene munali tcheni. Anaikoka, koma mulu wonse unali utaipondereza. Pamenepo kumtunda kunamveka mkokomo, madzi ofiira akubwera ndi zitsa ndi nthochi zozuka. Wa thirakitala anam'ponyera nsungwi, Wedisoni natuluka ndi moyo wake wokha, nsapato imodzi itapita.

Inu amene mwakhala pano, mverani. Ambiri muli nazo zida. Munabatizidwa, Baibulo munagula lachikuto chokongola, mapemphero mumawadziwa. Koma mwaziyala pansi, ndipo pamwamba mwasanjapo malonda, maphwando, kunyada ndi mwano wonyoza akulu amene anakulerani. Mukuti zasungika bwino. Tsiku la madzi ofiira simudzapeza nthawi yotsitsa katundu yense uja. Chikhulupiriro chiyenera kukhala pamene dzanja lifika msanga, chinyowe ndi mvula, chichite zipsera pogwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Madzi ataphwa, lole inapezeka kumunsi itagona cham'mbali. Simenti inali itauma n'kusanduka mwala umodzi, tcheni, jeke ndi matabwa zili m'kati mwake, zosagwirapo ntchito ngakhale kamodzi. Wedisoni lero amakankha wilibala pamsika, kunyamula katundu wa anthu ena.