Mbava za Diresi la Ukwati

Pakhonde la telala panali chidole chachikulu ngati munthu, chimene ankavekapo zovala zimene akusoka. Kutsidya kwa msewu kunali benchi, ofesi ya anyamata awiri amene ntchito yawo inali kuperekeza dzuwa ndi maso. Wina ankamutcha Mawa, poti chilichonse ankati adzachita mawa. Mnzake, wamtali ngati mzati wa magetsi, anali Nsungwi.

Mawa anali ndi chinsinsi chimene chinkamudya ngati chiswe. Mtima wake unali utakodwa pa mwana wamkazi wa telala, amene ankasita zovala pafupi ndi zenera. Namwaliyo akangokweza maso, lilime la Mawa linkauma gwa!

"Aise, akazi amakonda ngwazi," anatero Mawa tsiku lina. "Telala akapita kokadya, iwe ube chidole chija. Ine ndikuthamangitse, ndikulande, ndibwere nacho nditachinyamula m'manja. Mwanayo adziwa kuti pano pali mwamuna."

"Nanga akandigwira?"

"Miyendo imeneyo angaigwire ndani?"

"Bwanji osangomupatsa moni?"

"Moni ndi wa anthu wamba," anayankha Mawa, maso ali kumitambo.

Tsiku limenelo chidole chinali chitavala diresi la ukwati, loyera mbee, lonyezimira ngati mame. Chimene awiriwa sankadziwa n'chakuti telalayo sankasoka diresi mwini wake asanaliyeze. Nsalu zonsezo zinali zongolumikizidwa ndi mapini, kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ndipo mkwatibwi anali kubwera madzulo omwewo.

Dzuwa lili paliwombo, telala anatuluka. Nsungwi anayandikira monyang'ama, n'kukumbatira chidolecho ndi mphamvu zake zonse, liwiro n'kuliyatsa. Sanapite patali.

"Mayo ine! Chikuluma!"

Akati achigwiritse kuti chisagwe, mapini ankamulowa kwambiri. Pambuyo pake Mawa ankakuwa kuti, "Wakuba! Wakuba!" ndipo anakuwa bwino mopitirira muyeso. Msewu wonse unadzambatuka: amayi ogulitsa masamba, wokonza njinga ali ndi pampu m'manja, ngakhale wometa pamodzi ndi kasitomala wake wometedwa mbali imodzi.

Nsungwi ataona khamulo anatembenuka. "Tenga mkazi wakoyu, Mawa! Nzeru zako zomwezi!" Anaponya chidolecho, ndipo Mawa anachiwakha ndi chifuwa chonse. Ngwazi ija inalira mokweza kuposa mbava. Inavina gule wopanda ng'oma, mkono wa diresi n'kuthothoka, kugwera m'fumbi.

Telala anafika akutokosa m'mano. Anayang'ana diresi, anayang'ana anyamatawo.

"Tandiuzani, ana inu, ngwazi ndi uti, wakuba ndi uti?"

"Apite kupolisi onse!" anatero wometa.

Mawa anatula chidolecho pansi. Kupolisi sikunamuopse kwambiri ngati kuona namwali uja akutuluka m'sitolo. Anaweramitsa mutu kudikira mawu omupha. Koma chimene anamva chinali chiphwete.

"Bambo, asiyeni," anatero mtsikanayo akupukuta misozi ya kuseka. "Ndinamva zonse. Zenera lija silitseka, ndipo awa kunong'ona kwawo kuli ngati wailesi."

"Munamva, achemwali?" anadandaula Nsungwi akuzula pini pamimba. "Ndiye osatichenjeza?"

"Ndimafuna ndione ngati anzanuwa amatha kuthamanga. Chiwadziwireni ndimangowaona ali chikhalire."

Anthu anafa nalo phwete, ndipo ngakhale telala ndevu zinagwedezeka. Chigamulo chake chinali chachifupi. Anyamatawo atole pini iliyonse m'fumbimo, achape mkono wa diresi, ndipo agwirire nsalu iye akulumikizanso mkwatibwi asanafike.

"Lero," anatero akuloza Mawa ndi sizasi. "Osati mawa ngati dzina lakolo."

Mawa ananjuta pamsewu n'kuyamba kutola, manyazi ali tho. Posakhalitsa mthunzi unamuphimba. Anali namwali uja, atanyamula kachitini koikamo mapini. Ananjuta pambali pake.

"Moni, achimwene."

Mawa anadzutsa mutu. "Zi... zikomo. Muli bwanji?"

"Mwaona? Moni sabaya ngati mapini."

Mkwatibwi anapeza diresi lake lili bwinobwino, ndipo nkhaniyo anaiseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira pamenepo benchi ija inayamba kuchita fumbi, chifukwa telala anaona kuti zala za Mawa, zikaleka ulesi, zimagwira bwino nsalu. Masiku ano Mawa amapalasa makina pafupi ndi zenera lomwe lija losatseka, moni akumupereka m'mawa ndi masana omwe. Nsungwi yekha ndiye sanachire: akangoona diresi loyera amawoloka msewu. Ukamufunsa, amagwira pachifuwa n'kunena kuti akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.