Bambo Amene Sankadziwa Kumenya Pafupi

Panali bambo wina mumzinda amene ankasewera gofu, ndipo anali ndi mkono wamphamvu. Akamenya mpira poyambira, unkalira mumlengalenga n'kukagwa kutali kumene anzake sankafikako. Anthu ankaomba m'manja, iye n'kumatukula mapewa. Koma mpikisano sanapambanepo ngakhale umodzi. Pa gofu wopambana ndi amene walowetsa mpira m'timaenje tonse atamenya maulendo ochepa. Pa kadzenje kalikonse pamakhala mbendera, ndipo bamboyu akafika pafupi ndi kadzenjeko ankamenyabe ngati ali kutali. Mpira unkapitirira, n'kukagwera m'tchire kapena m'madzi. Zikatero ankadzudzula mphepo, ankadzudzula udzu, ankadzudzula womunyamulira chikwama cha ndodo zomenyera mpira.

Bamboyu anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Mwandida. Anamuphunzitsa gofu akadali wamng'ono, ndipo mwanayo anakula ali katswiri. Kumenya patali anatengera bambo ake. Kumenya pafupi anadziphunzitsa yekha, pakuti anakula akuona mipira ya bambo ake ikumira m'madzi. Pali ndodo ina yaifupi ya mutu wopendekeka, osewera amaitcha weji, imene imanyamula mpira m'mwamba kuti ukagwe pafupi n'kuima. Mwandida ankakhalira ndodo imeneyi mpaka zikhatho kutuluka matuza. Anazindikira kuti akaikweza kufika m'chiuno, mpira umagwa apa. Akaikweza kufika pachifuwa, umagwa patsogolo pang'ono. Akaipitiriza phewa, umagwa uko. Manja ake anaphunzira kuyeza mtunda monga mayi amayezera mchere, osafunsa munthu.

Bambo ake akamuona akutero ankanyansidwa.

"Kumeneko n'kumenya kwa amantha," ankatero. "Ukusisita mpira ngati khanda? Menya!"

Mwandida ankangoti, "Ndamva, adadi." Iwo akachoka, ankapitiriza.

Chaka china kunabwera mpikisano waukulu wa atsikana. Wopambana anali woti akaphunzire kunja kwa dziko, sukulu ndi gofu pamodzi. Mwandida anali atamaliza sekondale, ndipo mtima wake wonse unali pa ulendo umenewo. Anapempha kuti mnzake amene ankayeserera naye amunyamulire chikwama cha ndodo. Bambo ake anakana.

"Mwanayu ndi wanga. Chikwama ndinyamula ndine."

Anagula chipewa chatsopano, naitana anzake a kuntchito kuti adzaone chimene iye anaumba.

Tsiku la mpikisano Mwandida anasewera bwino, dzuwa likuswa mtengo. Pofika pa kadzenje komaliza anali patsogolo, koma pang'ono pokha, chifukwa mtsikana wina ankamutsatira pafupi kwambiri. Mpira wa Mwandida unali pa kapinga wabwino, mbendera ikuoneka chapafupi. Pakati pa iye ndi mbendera panali mchenga umene mpira ukagweramo umavuta kutulutsa. Kuseri kwa mbendera kunali dziwe. Mtunda wotere ankaudziwa ngati njira ya kwawo. Anatambasula dzanja.

"Adadi, ndipatseni weji."

Bambo ake anasolola ndodo ina, yaitaliko.

"Ndi kandodo kakoko ugwera mumchenga. Tenga iyi, umenye mwamphamvu."

"Adadi, kuseriko kuli madzi."

"Ukufuna undiphunzitse gofu ine? Unagwira ndodo koyamba m'manja mwa ndani? Anthu akutiyang'ana. Usandichititse manyazi."

Mwandida anayang'ana khamu la anthu, anayang'ana anzawo a bambo ake ataima chapatali ndi mabotolo a madzi m'manja. Analeredwa kuti mwana satsutsana ndi kholo pagulu. Analandira ndodoyo, mtima ukukana. Anamenya monga anauzidwira. Mpira unadutsa pamwamba pa mchenga, unadutsa pamwamba pa mbendera, n'kukagwa pakati pa dziwe, chubwi.

Anthu anati, "Aaa!"

Tsono tamverani chimene anachita munthu wamkulu, wa imvi m'mutu. Anavula chipewa chija, nachiponya pansi, nakuwa kuti aliyense amve:

"Mwaonatu! Ndimamuuza kuti asamale madzi, koma samva! Mwana wopusa iwe, wandinyazitsa pamaso pa anzanga!"

Bodza lamasana, pamaso pa mwana amene anamva ndi makutu ake mawu amene ananenedwa. Bambo anaona kuti ulemu wake ukumira pamodzi ndi mpira, ndiye anaponda pamutu pa mwana wake kuti iye ayandame.

Mwandida anaima chilili. Mpira wotayikawo sunamupweteke kwambiri. Wosewera aliyense anatayapo mpira. Chinamuotcha mtima n'chakuti anamvera chifukwa cha ulemu, ndipo munthu amene anamuchitira ulemuyo ndi yemweyo anamugulitsa pagulu. Anafuna kukuwa kuti onse adziwe amene anasankha ndodo. Mawu anafika pamilomo, koma anawameza. Anayenda n'kukaima pamaso pa bambo ake.

"Adadi, tulani chikwama."

"Wati chiyani?"

"Tulani. Mwandinyamulira mokwanira."

Anagwira lamba wa chikwamacho n'kuchichotsa yekha paphewa pa bambo ake. Mwandida anachiimika pa kapinga, nasolola weji yake. Malamulo a gofu amalola munthu kuponya mpira wina pomwe anamenyera poyamba, koma amamuwerengera chilango, ngati kuti wamenyanso ulendo wina. Anaponya mpira pamalo omwewo. Anapuma. Anakweza ndodo kufika pachifuwa basi, naitsitsa mofatsa. Mpira unakwera m'mwamba, unalumpha mchenga, unagwa patsogolo pa mbendera, unagudubuzika pang'ono n'kuima pamphepete penipeni pa kadzenje.

M'manja munalira. Aliyense amene anali pamenepo anaona chimene chikanachitika akanamupatsa ndodo yake poyamba. Koma chilango chinali chitawerengedwa kale. Mtsikana wina uja anapambana, ndipo ndi amene anapita kunja.

Mwandida anamugwira chanza wopambanayo, namufunira zabwino. Anakoleka chikwama paphewa, anadutsa galimoto ya bambo ake osaiyang'ana, n'kukakwera minibasi kumsewu. Bambo ake anatola chipewa, anasasa fumbi, nakakhala ndi anzake pakhonde la kalabu ya gofuyo. Kumeneko anawauza kuti ana a masiku ano samva. Anzakewo anayang'ana pansi.

Mwandida sanasiye gofu, ndiponso sanasiye kulemekeza bambo ake. Ankawapatsa moni atagwada, akadwala ankapita kukawaona. Koma kuyambira tsiku limenelo sanawafunsenso nzeru pa china chilichonse. Atapeza ntchito, bambowo anamva kwa mkazi wawo. Atapeza mwamuna womanga naye banja, anamva kwa ankhoswe. Anakalamba akudandaula kuti mwana wawo amawabisira zinthu, ndipo mpaka lero sanafikepo ponena kuti, "Mwanawe, ndodo ija ndinasankha ndine."

Inu makolo, inu aphunzitsi, inu nonse amene muli ndi munthu wokumverani, fanizoli ndi lanu. Kunja uko mawu anu aakulu amakupatsani dzina, ndipo mwazolowera kuti mukalankhula anthu aziomba m'manja. Koma mwana wanu sali kutali. Ali pafupi, ndipo wapafupi safuna mphamvu zanu zonse. Yezani dzanja. Akakuuzani kuti kuseriko kuli madzi, mverani, pakuti mwina waona chimene inu simunaonepo moyo wanu wonse. Ndipo ngati mwamukakamiza, zinthu n'kulakwika, musamukankhire mlandu kuti nkhope yanu iyere. Chimenecho n'chinthu chonyansa, ndipo mwana sachiiwala. Adzapitiriza kukugwadirani, koma chikwama chake sadzakupatsaninso.