Nkhope ya a Dzimadzi pa Khoma la Holo

Holo yakale ya m'tauni mwathu itakonzedwa kuti ikhale nyumba ya zaluso, Esinati anapatsidwa ntchito yojambula pakhoma nkhope za anthu amene anaimanga. Onsewo anamwalira kalekale.

Khansala Dzimadzi anatulukira. "Iwe mtsikana, undijambule pakati pawo. Ukakana, holoyi sitsegulidwa."

"Palibe vuto, bwana," anatero Esinati.

Anawajambuladi bwino, ndi tayi yomwe, pakatikati pa malemuwo. Odutsa ankangoima n'kugwira pakamwa.

M'mawa mwake azimayi anafika kunyumba kwa a Dzimadzi akulira, atasenza ufa ndi nkhuni. Kwaya ya mpingo inayamba nyimbo za maliro pakhonde. Wokhoma mabokosi naye anabwera ndi tepi yoyezera.

A Dzimadzi anathamangira ku holo, thukuta lili kamukamu. "Fufuta msanga, mwana wanga!"

"Penti yatha, bwana. Komanso kupenta khoma limodzi lokha kungaoneke zigamba."

A Dzimadzi anagula penti ya holo yonse tsiku lomwelo.

Pa tsiku lotsegulira, wojambula zithunzi ndi kamera atati, "A khansala, imani apa," iwo anabisala kuseri kwa ng'oma.