Nkhoswe ya Dzoole Wopanda Miyendo

Kalekale, koma osati kale la mauta ndi mivi, kunali nkhondo imene inakana kutha. Anthu analira mpaka kutopa, kenako ankangokumba manda osalankhulana.

Msilikali wina dzina lake Dzoole anaponda bomba lokwirira, miyendo yonse n'kuduka. Anzake atatu ndiwo anamupulumutsa.

Woyamba anali Kambalame, woulutsa tindege topanda munthu, tokhala ndi diso loona pansi. Nkhondo ikuyamba anali nato tambirimbiri, koma fumbi ndi mvula zinatimaliza, ndipo zokonzera zake zinkachokera kunja. Kanatsala kamodzi. Anakaulutsa osapempha akuluakulu, kanamuona Dzoole m'udzu, kenako kanagwa. Kuyambira tsikulo gulu lonse linkayenda mwakhungu, ndipo ambiri anafa.

Wachiwiri anali Msosa, makaniko. Pamsasa panali chigalimoto chachitsulo chamakono chimene bomba silikanachiboola, koma chinali chodwaladwala. Dzuwa likangotentha, kakompyuta kake kankanyanyala. Msosa atatopa nacho anachizula batire ndi matayala n'kuika pa lole yakale yonyamulira fodya. Lole imeneyo ndiyo inakamutenga Dzoole. Komanso kuphwasula chigalimotoko ndiko kunachititsa kuti Dzoole ayende wapansi tsiku limene anaponda bombalo.

Wachitatu, Chimtengo, analibe makina alionse. Lole itatitimira m'matope, anamubereka Dzoole mpaka kuchipatala. Panjira Dzoole ankachonderera kuti, "Nditule, achimwene, ndisiye ndife." Chimtengo anangopitiriza ulendo.

Nkhondo inatha popanda wovina. Abale ake aamuna a Dzoole onse anali atafa, ndipo Ndaziona, mwana wa mlongo wake, anapeza banja kuseri kwa phiri. Popanda nkhoswe yokaonekera kumeneko, ukwatiwo ukanatha usanayambe. Dzoole anaitanitsa anzake aja.

"Amene anandipatsa moyo ndiye m'bale wanga," anatero. "Apite akakhale nkhoswe m'malo mwanga."

"Ndikanapanda kukuona, afisi akanakudya," anatero Kambalame. "Anthu anafa chifukwa cha iwe."

"Kukuona kokha sikukanakunyamula," anatero Msosa. "Za miyendozo ndikudziwa."

Chimtengo anayang'ana pansi. "Ine unandiuza kuti ndikusiye. Mpaka lero sunandiuze ngati ndinachita bwino."

Dzoole sanakwiye, sanathokozenso. Anangokhala pamphasa, Ndaziona ali chiimire pakhomo.

Nanga inu mukuti apite ndani: amene anamuona n'kuphetsa anzake, amene anamunyamula atamudulitsa miyendo, kapena amene anamukaniza kufa?