Chifukwa Chake Ngumbi Zimathothoka Mapiko

Kale, dziko lidakali lofewa, Chiswe anali ndi mapiko chaka chonse. Mapikowo anali anayi, oyera ngati malaya ochapa ndi sopo, ndipo ankawakonda kuposa abale ake. Analinso mmisiri womanga. Nyumba yake ya dothi sinkadontha, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi chifukwa mwiniwakeyo ankauza anthu m'mawa uliwonse.

Masiku amenewo Mulungu ankayendera dziko mvula yoyamba ikagwa, kuti aone ngati yakwanira paliponse. Lamulo linali limodzi, lomwe lija mumalidziwa inunso ana anga: wamkulu sapatsidwa moni uli chiimire. Oyenda pansi ankagwada. Ouluka ankatera kaye, n'kuwomba m'manja. Ngakhale Chiwombankhanga ankatera.

Tsiku la ukwati wa Chiswe, mvula inagwa m'mawa n'kukata masana. Iye ndi mkwatibwi wake Nangumbi ananyamuka ulendo wa kwa makolo a mkazi, kumene ankhoswe anali atakhala kale pamphasa. Ali m'mwamba, anaona Mulungu atakhala pamwala m'mbali mwa njira, akuyang'ana munda wa mtedza. Pansi ponse panali matope.

Nangumbi anatera pomwepo, nagwada m'matopemo. Chiswe anayang'ana matope, nayang'ana mapiko ake. Anawerengera kuti moni ndi moni basi, kaya wachokera pansi kaya m'mwamba. Choncho anazungulira kawiri pamwamba pa mutu wa Mulungu, nati, "Wawa, Ambuye."

Mkazi anamunong'oneza kuti atsike. Iye anayankha mokweza kuti sangakafike kwa apongozi ali ndi matope, ndipo anawonjezera, popanda womufunsa, kuti matopewo sanali kulakwa kwake. Mvula ikanagwa mwadongosolo, bwenzi pansi pali pouma. Ananenanso kuti mapiri ena a Ambuye amagumuka, pamene nyumba yake sinang'ambikepo.

Mulungu sanakweze mawu. Sanakwezenso mutu, poti iye sayang'ana wina aliyense m'mwamba.

"Mapikowo ndi a yani?"

"Anga, Ambuye."

"Unawasoka liti?"

Chiswe anayesa kukumbukira. Anakumbukira tsiku limene anawachapa, ndi tsiku limene Gulugufe anawasirira, koma tsiku lowasoka silinabwere. Ali mkati moganiza, anamva msana ukupepuka. Anagwa chagada m'matope aja, mapiko akumutsatira pang'onopang'ono, limodzilimodzi.

Mulungu anamuuza kuti popeza dothi analinyoza, m'dothimo ndi momwe adzakhale, iye ndi ana ake, osaonanso thambo. Luso lomanga anamusiyira, chifukwa pa nkhani ya nyumba ija sananame.

Apo Nangumbi anawomba m'manja katatu. Sanamuikire kumbuyo mwamunayo. Anavomera kuti ndi wamwano, ndipo anati anali atazionapo kale pa chibwenzi. Koma anadandaula kuti kwawo n'kutali, alendo akudikira, ndipo pansi ulendowo ndi wa masabata awiri.

"Iwe sunalakwe," anatero Mulungu. "Mapiko ako akhale. Uluka uzipita."

Nangumbi anayang'ana mwamuna wake, amene ankayesa kudzitembenuza, miyendo ili m'mwamba. Kenaka anagwedeza mapewa, mapiko ake n'kugwa okha. Anati ukwati wa wina kumwamba wina pansi sumanga nyumba.

 Mulungu chiweruzo sanachibweze, pakuti chinali cholungama. Koma chifukwa cha mkaziyo ananena kuti ana awo, pa tsiku la ukwati lokha, adzabwerekedwa mapiko. Adzauluka kamodzi kuti aone kukula kwa dziko limene sanalenge, ndipo akangotera adzawabweza.

Chiswe anatsegula pakamwa kuti afunse ngati mapiko obwerekawo adzakhale oyera ngati akale aja. Mkazi anamuponda phazi. Iye anati, "Zikomo, Ambuye," ali pansi ndithu.

Ku ukwati anafika mochedwa, alendo atabalalika.

Ndi chifukwa chake lero chiswe chimakhala m'chulu osaona dzuwa, ndipo mvula yoyamba ikagwa, ana ake amene timawatcha ngumbi amatuluka ndi mapiko oyera, kuuluka pang'ono, n'kuwasiya pansi. Mvula ikadzagwa mudzawerame muone bwino, ana anga. Mudzapeza ziwiriziwiri zikuyenda pansi, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo, osayankhula kanthu.