Kosi ya a Pulofesa ndi Alesi Makumi Anayi

Pakampani ina imene ndinkagwirako ntchito panali bambo wophunzitsa antchito amene anzawo ankawatcha a Pulofesa. Sikuti anali ndi madigiri ayi, koma akayamba kulankhula sankapatsa mnzawo mpata ngakhale wotsokomola. Zaka makumi awiri anali mfumu ya choko ndi bolodi.

Tsiku lina bwana wamkulu analamula kuti maphunziro onse azichitikira pa intaneti, ndipo sanapsatire mawu: wolephera kusintha asiyira ena mpando. A Pulofesa anawalembetsa maphunziro a sabata imodzi, a pa intaneti pomwepo, oti adziwe kakonzedwe ka makosi otere. Iwo ankalowa m'mawa, n'kuzimitsa kamera, n'kusiya laputopu ikudzilankhulira yokha patebulo, eni ake ali kukantini kuthetsa mavuto a dziko. Dzina linkaoneka, ndiye satifiketi inatuluka bwinobwino.

Kosi yawo anaikonza mwamphamvu, tisawanamizire. Anajambula mavidiyo khumi ndi awiri, iliyonse atavala tayi yakeyake. Mayi woyang'anira makompyuta anawapeza akudzionera okha, akugwedezera mutu mawu awo omwe.

"Bambo, bwanji tiyese kulowa ngati wophunzira, tione zomwe anzathu aziona?"

"Mayi, ine ndinayamba kuphunzitsa inu musanamere mano. Inu samalani mawaya."

Sabata ziwiri zinatha popanda wophunzira ndi mmodzi yemwe. A Pulofesa ankaponya mafunso pakosipo, kuli zii. Kalaliki wina analimba mtima n'kuwauza kuti pafoni yake sipakuoneka kanthu.

"Chotsanimo nyimbo m'fonimo, muona," anamuyankha osadzutsa n'komwe mutu.

Mtima utawapweteka, analemba lipoti la masamba asanu. Anatchula antchito onse makumi anayi mmodzimmodzi kuti ndi alesi oyenera makalata a chenjezo. Bwana anaitanitsa msonkhano, anthu n'kudzaza chipinda ali khuma, chifukwa kalata ya chenjezo si yoseka nayo.

A Pulofesa analumikiza laputopu yawo ku pulojekita. Mavidiyo onse anaoneka pakhoma, matayi ali waliwali.

"Mwaona, bwana? Chakudya ndinaphika, odya ndiwo akukana."

Bwana anaitana kalaliki uja kuti alowe ndi dzina lake pa laputopu yomweyo. Pakhoma panangotuluka mzere umodzi: palibe maphunziro amene atsegulidwa. Analowa wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu anali akuseka kale asanafike kutsogolo.

Mayi wa makompyuta anadzuka mwaulemu, n'kubwezeretsa tsamba la a Pulofesa, n'kuloza kabatani kena pakona.

"Kosi ikakonzedwa imakhala yobisika, amaiona ndi mwini yekha mpaka atadina apa. Kumaphunziro a sabata imodzi aja anaphunzitsa Lachinayi zimenezi, ndipo anabwereza katatu."

"Lachinayi munali kuti, bambo?" anafunsa bwana.

"Ndinalipo, bwana."

"Dzina lanu ndi limene linalipo."

Lipoti lija analibweza kwa mwini wake kuti akapepese nalo ofesi ndi ofesi. Mpando unapita kwa mayi wa mawaya. A Pulofesa anawalembetsanso maphunziro, tsopano mphunzitsi wawo ali mayi yemweyo, ndipo lamulo lake loyamba linali lakuti kamera isazime. Chisoni chinatigwira pang'ono powaona akukweza dzanja kuti apatsidwe mpata wolankhula, koma chisonicho sichinakhalitse.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.